Kodi zithunzi zoyamba za nkhondo tingazikhulupirire ngati umboni?

Mphunzitsi wina wa phunziro la mbiri yakale pasukulu ya sekondale watumiza funso ili: "Ndakhala ndikuonetsa ana a sukulu zithunzi za nkhondo za m'zaka za m'ma 1800, makamaka za ku Crimea ndi za nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Anawo akufuna kudziwa chifukwa chake m'zithunzimo simuoneka anthu akumenyana, ndipo ine ndamvanso kuti zina mwa zithunzizo anachita kuzikonza. Kodi tingazikhulupirire ngati umboni?"

Aphunzitsi, ana anuwo aona bwino, ndipo zimene mwamvazo ndi zoona pa zithunzi zingapo zodziwika. Komabe musazitaye. Zithunzizi ndi umboni weniweni, kungoti ndi umboni wa zimene zinatsala nkhondo itadutsa, woperekedwa ndi munthu amene anafika pamalopo mochedwa, nthawi zambiri ali pambuyo pa gulu lopambana, ndiponso akuganizira za anthu amene adzagule zithunzi zake kwawo. Kusowa kwa anthu omenyana kunachokera ku zipangizo. Koma kusowa kwa mitembo m'zithunzi zina, ndi kuchuluka kwake m'zithunzi zina, kunachokera ku chisankho cha anthu, ndipo zinthu ziwirizi ana ayenera kuphunzira kuzisiyanitsa.

Luso lojambula ndi kamera linalengezedwa ku Paris mu 1839. Njira ya Louis Daguerre inkatulutsa chithunzi chimodzi chokha pa chitsulo cha mkuwa chokutidwa ndi siliva, ndipo panalibe negetivu yoti n'kuchulukitsira chithunzicho. Ndi njira imeneyi munthu wina, yemwe dzina lake linatayika, anajambula asilikali a America m'tauni ya Saltillo ku Mexico mu 1847, kuphatikizapo mkulu wawo John E. Wool ali pa kavalo mumsewu pamodzi ndi omuthandiza. Patangopita nthawi pang'ono, dokotala wa asilikali a Britain ku India, John McCosh, anajambula anzake pa nkhondo yolimbana ndi Asikh ya 1848 mpaka 1849, kenako ku Burma mu 1852, pogwiritsa ntchito negetivu zapepala. Zithunzi zimenezi n'zochepa ndipo m'nthawi yake sizinaonedwe ndi anthu ambiri.

Chimene chinasintha zinthu ndi njira ya kolodiyoni, yomwe Frederick Scott Archer anaiulula mu 1851, ndipo ndikupemphani kuti ana muwafotokozere njirayi mwatsatanetsatane, chifukwa theka la yankho la funso lawo lili pomwepa. Wojambula ankatenga galasi loyera bwino n'kuthirapo kolodiyoni, mankhwala onanda ngati manyuchi, akulipendeketsa galasilo uku ndi uku mpaka mankhwalawo afike m'mbali zonse. Kenako, ali mumdima, ankaviika galasilo m'madzi a siliva kwa mphindi zingapo, n'kuliika m'kabokosi kosalowa kuwala, n'kuthamanga nalo ku kamera yomwe inali itaimikidwa kale pamiyendo yake itatu. Kamerayo inalibe batani lodina. Munthu ankachotsa chivundikiro cha lenzi ndi dzanja, n'kuwerenga masekondi, n'kubwezeretsa chivundikirocho. Akatero ankabwereranso mumdima kukatsuka chithunzicho nthawi yomweyo, chifukwa galasilo likauma mankhwala ake sankagwiranso ntchito. Kuyambira pothira mpaka potsuka, munthu anali ndi mphindi 10 kapena 15 zokha, ndipo kunja kukatentha nthawiyo inkachepanso. Choncho wojambula aliyense wopita kunkhondo ankayenera kuyenda ndi chipinda chake chamdima, chikhale tenti kapena ngolo, pamodzi ndi mabotolo a mankhwala, madzi oyera ndi magalasi mazanamazana osachedwa kusweka. Kukulitsa chithunzi kunalibe kwenikweni: wofuna chithunzi chachikulu ankanyamula galasi lalikulu ndi kamera yaikulu.

Tsono taganizirani munthu ameneyu ali pakati pa nkhondo. Lenzi inkafunika kukhala yotsegula kwa masekondi angapo, nthawi zina mpaka 20, ndipo chilichonse chimene chasuntha m'masekondi amenewo chinkaoneka mwachizimezime kapena kusowa kumene. N'chifukwa chake m'zithunzi zambiri mbendera imaoneka ngati kautsi, kavalo amene anapukusa mutu amaoneka wopanda mutu, ndipo misewu ya m'misasa imaoneka yopanda anthu ngakhale kuti inali yodzaza. Kuwonjezera apo, mfuti ndi mizinga ya nthawiyo inkatulutsa utsi wochuluka wa wonga, moti ngakhale akuluakulu a asilikali ankalephera kuona magulu awo. Asilikali othamanga, akavalo odumpha ndi mabomba ophulika sakanagwidwa ndi galasi lotere. Chimene kamera inkachitha bwino ndi chinthu chosasuntha: linga logumuka, mzinga wosiyidwa, msilikali amene wauzidwa kuti aime chilili, ndi munthu wakufa. Pali zithunzi zowerengeka zimene zinajambulidwa kumenyana kuli mkati, monga cha George Cook cha mu Seputembala 1863, choonetsa zombo zankhondo zikuombera pafupi ndi Charleston, koma zombozo zili kutali kwambiri moti wosauzidwa sangadziwe chimene akuona.

Tibwere kwa Roger Fenton, yemwe zithunzi zake za ku Crimea ziyenera kuti ndi zimene zadabwitsa ana anu. Fenton sanali woyamba pa nkhondo imeneyo, yomwe Britain, France ndi Turkey ankamenyana ndi Russia, chifukwa Carol Szathmari wa ku Bucharest anali atajambula kale asilikali a Russia ndi a Turkey m'mbali mwa mtsinje wa Danube mu 1854, ngakhale kuti zithunzi zake zambiri zinatayika. Fenton anali loya wa ku Britain wophunzira bwino ndiponso wodziwika kubanja lachifumu. Anafika padoko la Balaklava mu Malichi 1855 ali ndi makamera asanu, magalasi pafupifupi 700, womuthandiza dzina lake Marcus Sparling, ndi ngolo yomwe poyamba inali ya wogulitsa vinyo, imene anaisandutsa chipinda chamdima ndi chogonamo. Anabwerera kwawo mu Juni akudwala kolera, atajambula zithunzi pafupifupi 360. M'zithunzi zonsezo mulibe mtembo ndi umodzi womwe. Muli akuluakulu a asilikali atavala bwino, misasa yoyalidwa m'zigwa, doko lodzaza zombo, ndi asilikali akumwa pamodzi ndi anzawo a ku France.

Apa zipangizo sizingakhale chifukwa, popeza mtembo susuntha. Ndipo imfa inali paliponse. Pa nkhondo imeneyo Britain inataya asilikali oposa 20,000, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anafa ndi matenda monga kolera, kamwazi ndi malungo a taifodi, osati ndi chipolopolo. Nyengo yozizira ya kumapeto kwa 1854 inawapeza alibe zovala zokwanira, chakudya ndi mankhwala, ndipo malipoti a mtolankhani William Howard Russell m'nyuzipepala ya The Times anakwiyitsa anthu kwambiri, mpaka boma la Lord Aberdeen linagwa mu Januwale 1855. Fenton mwiniyo, m'makalata amene ankalembera kwawo, anafotokoza za mafupa a anthu amene anawaona atatulukira m'manda osaya. Anawaona, koma sanawajambule.

Anthu ambiri amafulumira kunena kuti Fenton anatumidwa ndi boma kuti akabise zoipa. Ine ndimaona kuti mawu amenewa amapitirira umboni umene ulipo. N'zoona kuti ananyamula makalata omudziwitsa ochokera kwa Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, ndipo makalatawo anamutsegulira matenti a akuluakulu. Koma ndalama za ulendowo zinachokera ku kampani yosindikiza ndi kugulitsa zithunzi ya Thomas Agnew ya ku Manchester, ndipo amene ankayembekezeka kugula anali mabanja olemera a akuluakulu a asilikali omwewo. Mayi amene mwana wake ali ku Sevastopol, mzinda wa Russia umene asilikaliwo anauzinga, akanagula chithunzi cha mwanayo atavala yunifolomu, osati cha mitembo ya anzake. Fenton analinso mlendo wodalira akuluakuluwo pa chakudya, akavalo ndi anthu omukokera ngolo, ndiponso anali munthu wa m'gulu lawo, woleredwa ndi maganizo ofanana pa zimene zili zoyenera kuonetsa pagulu. Munthu wotere sankafunika kulamulidwa kuti asajambule akufa. Zithunzi zake zikutiuza zoona za mayunifolomu, mizinga, matenti ndi maonekedwe a dziko, koma pa nkhani ya kuvutika kwa msilikali wamba zili chete, ndipo ana ayenera kuziwerenga pamodzi ndi malipoti a Russell.

Chithunzi chake chotchuka koposa ndi chimene chimabweretsa nkhani ya kukonza ija. Pa 23 Epulo 1855 anapita kuchigwa china pafupi ndi Sevastopol chomwe asilikali anachipatsa dzina lochokera mu Salimo 23, chigwa cha mthunzi wa imfa, chifukwa mizinga ya Russia inkagwetsamo zipolopolo tsiku ndi tsiku. Anajambula zithunzi ziwiri kamera ili pamalo amodzi. M'chimodzi zipolopolo za mizinga zili m'ngalande m'mbali mwa msewu ndipo msewuwo uli mbee, pamene m'chinacho zipolopolo zambiri zili pamsewu penipeni. Mu 2007 wopanga mafilimu Errol Morris anafufuza nkhaniyi, ndipo pofananiza timiyala ta m'mbali mwa phiri anapeza kuti m'chithunzi chokhala ndi zipolopolo pamsewu timiyalato tatsetserekera m'munsi, kusonyeza kuti chithunzicho ndi chachiwiri ndipo panali anthu amene anayendayenda pamalopo pakati pa zithunzi ziwirizo. Ena amati Fenton ndi Sparling ndi amene anamwaza zipolopolozo kuti chithunzi chikhale choopsa, ena amati asilikali ankazitola kuti akazigwiritsenso ntchito. Ngakhale titavomereza kuti anamwaza ndi Fenton, zipolopolozo zinali zenizeni, zinagwera m'chigwa chomwecho, ndipo iye anajambula pamene mizinga inali kuomberabe chapafupi. Kwa ine uku ndi kukonza kwakung'ono poyerekeza ndi kumene kukubwera.

Musanapitirire ndi ana, akumbutseni kuti nyuzipepala za nthawiyo sizinkatha kusindikiza chithunzi cha kamera. Njira yochitira zimenezo inayamba kuoneka cha mu 1880 ndipo inafala m'zaka za m'ma 1890. Isanafike, mmisiri ankayang'ana chithunzi n'kuchizokota pa thabwa, ndipo chozokotacho ndi chimene chinkatuluka m'nyuzipepala monga Illustrated London News kapena Harper's Weekly, nthawi zina atawonjezeramo kapena kuchotsamo zinthu. Zithunzi zenizenizo anthu ankaziona pa zionetsero zolipira, m'mabuku okwera mtengo omatamo zithunzi, kapena pa makadi a zithunzi ziwiriziwiri omwe ankayang'anidwa m'kachipangizo ka magalasi kochititsa chithunzi kuoneka chakuya. Msika wake unalinso wosadalirika. Nkhondo ya ku Crimea itatha mu 1856 anthu anasiya kugula, zithunzi za Fenton zotsala zinagulitsidwa motchipa, ndipo iye anasiyiratu ntchito yojambula mu 1862.

Munthu amene anayamba kulozetsa kamera kwa akufa ndi Felice Beato, yemwe anaphunzira ntchitoyi pothandiza wojambula mnzake James Robertson kujambula mabwinja a Sevastopol mzindawo utagwa mu Seputembala 1855. Mu 1858 Beato anafika ku Lucknow, ku India, kumene asilikali a Britain anali atangogonjetsa anthu amene anaukira ulamuliro wawo mu 1857. Pamalo otchedwa Sikandar Bagh, munda wozunguliridwa ndi mpanda wanjerwa, Amwenye pafupifupi 2,000 anaphedwa tsiku limodzi mu Novembala 1857. Chithunzi cha Beato chikuonetsa nyumba yoboolekabooleka, ndipo pabwalo pake pali mafupa ndi zigaza za anthu zili mbwee. Koma iye anafika patapita miyezi ingapo, ndipo mkulu wina wa boma la atsamunda amene anali ku Lucknow nthawiyo analemba pambuyo pake kuti mafupawo anachita kuwafukula kuti ajambulidwe. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti mafupawo amwazidwa mwadongosolo kutsogolo, pamene kamera ingawaone bwino.

Mu 1860 Beato anatsagana ndi asilikali a Britain ndi France ku China. Pa 21 Ogasiti, linga lina la ku Taku litangolandidwa, iye analowamo mitembo ya asilikali a China isanachotsedwe, ndipo dokotala David Rennie, yemwe analipo, analemba kuti Beato ankachonderera kuti mitemboyo isakhudzidwe mpaka aijambule. Zithunzi zimenezi ndi zina mwa zoyamba kuonetsa mitembo ya anthu ongophedwa kumene pa nkhondo. Chimene ndikufuna kuti muwaonetse ana n'chakuti asilikali a Britain ndi France nawonso anafa pa Taku, koma m'zithunzi za Beato simuoneka ndi mmodzi yemwe. Ulemu umene Fenton anapereka kwa akufa a mtundu wake ku Crimea sunaperekedwe kwa Amwenye ndi Atchaina, ndipo ogula ake a Beato anali asilikali omwewo amene anawapha, ofuna chikumbutso cha kupambana kwawo. Ichi ndimachiona kukhala cholakwa chachikulu kuposa kusuntha zipolopolo, popeza anthu amene mafupa awo anafukulidwa ku Sikandar Bagh anali ndi abale, mayina ndi miyambo yawo ya maliro, ndipo palibe amene anawafunsa. Komanso, zithunzi zomwezo lero ndi umboni wamphamvu wa kukula kwa kuphana kumene kunachitika, umboni umene opambanawo anadzisungira okha.

Ku America zinthu zinasiyana, chifukwa mbali zonse ziwiri, ya kumpoto ndi ya kum'mwera, zinali za dziko limodzi. Nkhondo ya 1861 mpaka 1865, yomwe inapha anthu oposa 600,000, inajambulidwa kwambiri kuposa nkhondo ina iliyonse ya m'mbuyo mwake. Dzina limene mumaliona pa zithunzi zambiri ndi la Mathew Brady, koma Brady anali mwini bizinesi wa maso ofooka, ndipo zithunzi zambiri za kumalo omenyanirako zinajambulidwa ndi antchito ake monga Alexander Gardner, Timothy O'Sullivan, James Gibson ndi George Barnard. Pa 17 Seputembala 1862, ku Antietam, anthu pafupifupi 23,000 anaphedwa, kuvulala kapena kusowa tsiku limodzi. Patapita masiku awiri Gardner ndi Gibson anayamba kujambula mitembo yomwe inali isanaikidwe m'manda, yambiri ya asilikali a kum'mwera, popeza opambana ankayamba kuika anzawo. Mu Okutobala zithunzizo zinaonetsedwa m'situdiyo ya Brady ku New York, ndipo nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti ngakhale Brady sanabweretse mitembo n'kuiika pakhomo pa anthu ndi m'misewu, wachita chinthu chofanana kwambiri ndi chimenecho. Anthu ankayang'ana nkhope za akufawo ndi magalasi okulitsa, ena akuopa kuti apezapo mwana wawo.

Gardner anachoka kwa Brady n'kuyamba bizinesi yakeyake, ndipo iye ndi amene ali ndi mlandu wa kukonza kodziwika kwambiri kwa nkhondo imeneyo. Atafika ku Gettysburg mu Julayi 1863, nkhondo itangotha, iye ndi O'Sullivan anajambula msilikali wachinyamata wa kum'mwera atagona pakati pa matanthwe kuseri kwa kampanda ka miyala, mfuti itatsamira pakhomalo. Mu 1975 katswiri wa mbiri yakale William Frassanito anaonetsa kuti mtembo womwewo uli m'zithunzi zina utagona pamalo ena, mamita makumi angapo kuchokera pamenepo, kutanthauza kuti ojambulawo anaunyamula n'kukaugoneka pamalo ooneka bwino, n'kutembenuza nkhope yake kuti iyang'ane kamera. Mfuti yotsamirayo sinali ya mtundu umene akatswiri oombera patali ankagwiritsa ntchito, ngakhale kuti mutu wa chithunzicho unkati mnyamatayo anali mmodzi wa iwo. Choipa kwambiri chili m'mawu amene Gardner analemba pansi pa chithunzicho m'buku lake la 1866, momwe anafotokoza mmene mnyamatayo anafera pamalopo, zomwe iye ankadziwa kuti sizinachitike choncho. Apa mpamene ana angaphunzire kuti bodza la chithunzi kawirikawiri limakhala m'mawu olembedwa pansi pake. Galasi linasunga nkhope yeniyeni ya mnyamata amene anafadi ku Gettysburg, koma nkhani yake inapekedwa ndi cholembera.

Kunena zoona, anthu a nthawiyo sankaona kukonza koteroko monga mmene ife tikukuonera. Wojambula ankadziyesa mbale wake wa wojambula ndi utoto, amene amaika zinthu pamene zikuoneka bwino, ndipo malamulo a utolankhani oletsa kusuntha kanthu anadza pambuyo pake. Kudziwa zimenezi kumatithandiza kumvetsa chifukwa chake anachita, koma sikusandutsa chithunzi chokonzedwa kukhala chosakonzedwa. Dziwaninso kuti zokonzedwazo ndi zochepa poyerekeza ndi zithunzi zikwizikwi za milatho, njanji, zipatala, ndende ndi misasa, zomwe akatswiri a mbiri yakale amazidalira mpaka lero pofuna kudziwa mmene malo ankaonekera.

Zithunzi zimene ine ndimazikonda kwambiri pophunzitsa si za pamalo omenyanirana. Asilikali wamba ambirimbiri ankajambulitsa tizithunzi tating'ono totchipa asananyamuke kapena ali kumsasa, n'kutumiza kwawo, ndipo iwonso ankanyamula ta mabanja awo. Ku Gettysburg anapeza msilikali wakufa wopanda chomuzindikiritsa, atafumbata kachithunzi ka ana atatu. Popeza nyuzipepala sizikanatha kukasindikiza, zinangofotokoza m'mawu maonekedwe a anawo ndi zovala zawo, ndipo mu Novembala 1863 mayi wina wa ku Portville, m'chigawo cha New York, anazindikira kuti anawo ndi ake, ndipo wakufayo anali mwamuna wake, Amos Humiston. Chaka chomwecho ku Baton Rouge kunajambulidwa msana wa munthu wothawa ukapolo, amene ena amamutchula Gordon, ena Peter, wodzaza zipsera za zikoti. Chithunzicho chinachulukitsidwa pa makadi ndipo chinazokotedwa mu Harper's Weekly mu Julayi 1863, n'kukhala chida champhamvu cha olimbana ndi ukapolo. Palinso cha John Reekie cha mu Epulo 1865, choonetsa amuna akuda akutolera mafupa a asilikali ku Cold Harbor patapita miyezi khumi chichitikire nkhondo ya kumeneko, chomwe chimauza ana kuti ndani ankapatsidwa ntchito yoteroyo. Brady mwiniyo sanapindule: anawononga chuma chake pa ntchitoyi, nyumba ya malamulo inamugula magalasi ake ndi madola 25,000 mu 1875, ndipo anamwalira ali wosauka mu 1896.

Kwina ndingodutsa mwachangu. Pa nkhondo ya ku Paraguay, kampani ya Bate ya ku Montevideo, ku Uruguay, inatumiza wojambula mu 1866, ndipo chithunzi chake chodziwika ndi mulu wa mitembo ya asilikali a Paraguay, omwenso anali adani a ogula zithunzizo. Ku Paris mu 1871, anthu oukira boma amene anajambulitsa monyadira ataima pa mipanda yotchinga misewu anadzazindikiridwa ndi apolisi kudzera m'zithunzi zomwezo, ndipo Eugène Appert anadula ndi kumata nkhope za anthu pa matupi a ochita sewero kuti apange zithunzi za milandu ya oukirawo. Kumeneko ndiye kunali kunama kwenikweni, kochitidwa dala pofuna kuipitsa mbali imodzi.

Mu Africa muno kamera inafika pa nkhondo ili m'manja mwa olanda maiko. Mu 1868 asilikali a Britain opita ku Magdala, ku Ethiopia, kukamenyana ndi Mfumu Tewodros, anali ndi kagulu ka ojambula komwe ntchito yake yaikulu inali kuchulukitsa mapu, ngakhale kuti kanajambulanso misasa, mapiri ndi linga la mfumuyo. Ku Isandlwana, kumene Azulu anagonjetsa gulu la Britain pa 22 Januwale 1879 n'kupha anthu oposa 1,300, kunalibe kamera tsikulo, ndipo zithunzi zimene zilipo zinajambulidwa patapita miyezi, zoonetsa ngolo zosiyidwa m'tsinde mwa phiri. Mfumu ya Azulu Cetshwayo timaiona kwambiri m'zithunzi za pambuyo pogwidwa. Choncho tsiku limene Azulu anapambana lilibe chithunzi, pamene kugonja kwawo kuli nazo zambiri, ndipo mwana amene angaweruze nkhondoyo ndi zithunzi zokha adzaona mbali imodzi. Pa nkhondo zotere mbiri yapakamwa ndi ndakatulo zotamanda mafumu ndi ankhondo ziyenera kuikidwa patebulo limodzi ndi zithunzi.

M'kalasi, ndikulangizani kuti chithunzi chilichonse muzichipereka pamodzi ndi tsiku limene nkhondo inachitika ndi tsiku limene chinajambulidwa, chifukwa mpata wa pakati pa masiku awiriwo umaulula zambiri: ku Taku anali maola, ku Antietam masiku awiri, ku Lucknow miyezi ingapo. Anawo afunse kuti wojambulayo anabwera ndi gulu liti, analipidwa ndi ndani, ndipo akufa amene akuonekawo ndi a mbali iti. Bisani mawu a pansi pa chithunzi poyamba, kuti anene okha zimene maso awo akuona, kenako muwaonetse mawuwo kuti aone chimene wolemba anawonjezera. Zithunzi ziwiri za Fenton za m'chigwa muja ndi zabwino kuyambira, popeza zonse zimapezeka mosavuta pa intaneti, ndipo laibulale ya Library of Congress ku Washington inaika poyera zithunzi zake zambiri pamodzi ndi za Brady ndi Gardner.

Ana akadzafunsa kuti kamera inayamba liti kugwira anthu akuyenda, yankho lake ndi magalasi ouma. Mu 1871 Richard Leach Maddox anafotokoza njira yopaka galasi mankhwala a jelatini, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1870 magalasi otere ankagulitsidwa opakidwa kale, otha kusungidwa miyezi, ndiponso ogwira chithunzi m'kachigawo kochepa ka sekondi. Ngolo yamdima sinafunikenso. Mu 1888 George Eastman anatulutsa kamera ya Kodak yonyamula m'manja, yokhala ndi filimu ya zithunzi 100, ndipo pa nkhondo ya ku South Africa yomwe inayamba mu 1899 akuluakulu a asilikali ambiri anali ndi makamera awoawo m'zikwama. Ngakhale zinali choncho, kumenyana kwenikweni kunakhalabe kovuta kujambula, chifukwa mfuti zatsopano zinkaombera patali ndipo asilikali ankabisala m'ngalande, osaonekera kwa adani ngakhale kwa kamera. Chithunzi chimene chinagwedeza anthu pa nkhondo imeneyo chinali cha akufa ndithu: asilikali a Britain ataunjikana m'ngalande yosaya pamwamba pa phiri la Spion Kop, pambuyo pa nkhondo ya pa 24 Januwale 1900. Ulendo uno wojambula anali kumbali ya Mabunu, amene anapambana tsikulo, ndipo chithunzicho chinafalitsidwa kwambiri m'maiko a ku Ulaya amene sankagwirizana ndi Britain pa nkhondoyo.